Kadontho Kachiwiri pa Mapu a Zulfa

Chithunzicho chinafika pa foni ya Zulfa ali pakhonde la golosale ya bambo ake pa Ntaja, akupima shuga m'timapepala tapulasitiki. Chinali cha kachule kali phee m'ndowa yabuluu. Pansi pake panali mawu a Bernadetta, mnzake wa kusekondale yemwe tsopano anali pabanja kwawo ku Utale: "Mwana wako uja wasochera kuno. Bwera udzamutenge, ndowa yanga ndikuifuna."

Zulfa anasiya sikelo. Anakulitsa chithunzicho mpaka mutu wa kachuleko unadzaza foni yonse. Kuseri kwa diso kunali kosalala, kopanda khutu.

"Baba, mawa ndikupita ku Balaka."

A Abdulrahim sanadzutse mutu pa thumba lomwe ankamasula. "Achule?"

"Achule."

"Ana a anzanga akuphunzira unamwino, ena uloya. Ine akandifunsa kumzikiti ndimangoti uli kukoleji, kenako ndimayamba nkhani ya mvula." Anamanga mapepala awiri a shuga n'kumukankhira. "Tenga uyu. Usakafike pakhomo pa eni ake chimanjamanja."

Zulfa anali m'chaka chake chomaliza kukoleji. Kachule konga kameneko anakapeza mvula itangoyamba, m'kamtsinje kena kotsika m'mapiri a Chikala, komwe madzi amathamanga pamiyala pansi pa mitengo. Kanali kakang'ono ngati chala chachikulu cha kumanja, kakhungu ka njerewere, kamiyendo yowonda. Mphunzitsi wake, Dokotala Joanna, atakayang'ana anati banja lake ndi lodziwika, ndi lomwe lija la achule a njerewere opezeka m'makhonde. Koma mtundu wake weniweni sanafune kuutchula msanga. Mwina unali wolembedwa kale m'mapiri a ku Mozambique, mwina unali usanalembedwe n'komwe. Zimenezo zinkadikira zotsatira za kulabu, komwe amayezera zinthu zotere, ndipo za kulabu sizifulumira.

Ntchito ya Zulfa inali ina: kusonyeza komwe kachuleko kamakhala. Pa mapu ake panali kadontho kamodzi.

"Kadontho kamodzi si mapu, Zulfa," anatero Dokotala Joanna. "Ndi malo omwe unagwerapo mwayi. Undipezere malo achiwiri. Likafika Lachisanu lomaliza la mwezi wa Malichi ulibe, usiye achulewo ukalowe gulu la anzako oyeza nsomba za m'madamu. Sindikufuna ulephere chaka chifukwa cha kanyama kamodzi."

Lachisanu limenelo linali la sabata yomweyo. Timitsinje tina ta ku Chikala anali atatiyenda kale. Tina tinali titalimidwa mpaka m'mphepete, tina tinali titauma, ndipo mvula inali itayamba kutsanzika. Ikatha, kachuleko kamalowa pansi pa miyala osaonekanso mpaka chaka china.

M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Liwonde. Akuoloka Shire anayang'ana madziwo, otakata, odzaza namasupuni, ndipo anamwetulira yekha. Kachule kotero sikangaoloke mtsinje ngati umenewo. Ngati kalidi tsidya lino ndi tsidya linalo, ndiye kuti kanafalikira kalekale, ndipo nkhani yake ikhala yaikulu kuposa ya wophunzira wofuna kungokhoza mayeso. Pa Balaka anakwera njinga yamoto. Msewu wa ku Utale unali wafumbi ngakhale unali mwezi wa mvula. Chimanga m'minda chinali chitayamba kuuma masamba a m'munsi. Dzikolo linali lathyathyathya, la malambe apa ndi apo, lopanda phiri lililonse pafupi. Zulfa anaziona zimenezi, koma sanafune kuziganizira asanaone chuleyo.

Bernadetta anamuchingamira ali ndi mwana kumsana.

"Taonani dokotala wa achule! Ndinakuitana ku ukwati wanga, unati mayeso. Ndabereka, unatumiza meseji. Ndatumiza chithunzi cha chule, wafika tsiku lomwelo."

"Si tsiku lomwelo. Ndagona."

"Wagona iwe? Maso akowo?"

Anakumbatirana, Zulfa n'kumusuzumira mwanayo n'kupereka shuga uja. Mwamuna wa Bernadetta, Elliam, anatuluka kuseri kwa nyumba akupukuta manja pa buluku. Anali wamtali, wolankhula mofatsa, mkamwini pamudzipo.

"Takulandirani, alamu. Mlendo wanu ali pamthunzi apo. Ndamufunditsa lichero, wadya chiswe, sakudandaula. Nkhuku yanu ndapita nayo kwa a Sufiyani, Asilamu anzanu a pamudzi pano, akachinje okha, mudye mosakayika."

"Zikomo, alamu. Koma ndiyambe ndaona mlendoyo."

Anagwada pa ndowa, n'kunyowetsa manja ndi madzi a m'botolo lake, n'kumutola. Anatulutsa rula ndi galasi lokulitsa zinthu. Sanafulumire. Anayeza kuchokera kumphuno mpaka kumatako, n'kuyang'ana kuseri kwa diso, n'kutambasula phazi lakumbuyo, kenako n'kumutembenuza. Pamimba panali timadontho tachikasu pa khungu lakuda.

"Ndi yemweyo," anatero.

"Wadziwa bwanji?" anafunsa Bernadetta. "Ine ndangoona kuti akufanana ndi uja unaika pa foni. Koma chule ndi chule."

"Bweretsa wa pakhonde uja, ndikuonetse. Pansi pa mtsuko wako sipangalephere."

Elliam anapendeketsa mtsuko, n'kutulutsadi chule wonenepa, wotuwa. Zulfa anawaika pafupi.

"Onse awiri ndi banja limodzi. Khungu la njerewere, alibe mano, amayenda modumpha pang'onopang'ono. Koma ona wamkuluyu kuseri kwa diso. Pali kachikopa kozungulira, ndilo khutu lake. Wanga alibe. Wamkuluyu ali ndi zotupa ziwiri zazikulu kuseri kwa mutu, wanga n'zazing'ono zosaoneka bwino. Miyendo ya wamkuluyu ndi yaifupi, yonenepa, ya munthu wokhala pakhomo. Ya wanga ndi yowonda, zala zazitali, zogwirira miyala yoterera. Ndiye timati banja ndi limodzi, koma m'banjamo muli magulu, ndipo m'gulu lililonse muli mitundu. Awa anasiyana kalekale."

"Ndiye kuti a mfunda umodzi koma mbumba zosiyana," anatero Elliam.

"Mukhoza kutero."

"Nanga wopanda khutuyo mkazi wake akamamuitana amamva bwanji?"

"Ngati inu," anatero Bernadetta. "Samva."

Zulfa anaimbira Dokotala Joanna ali chiimire pansi pa mtengo wa m'bawa pomwe netiweki inkagwira. Mawu a mphunzitsiyo anakwera.

"Kumadzulo kwa Shire? Watsimikiza?"

"Chule ndi yemweyo, madamu. Ndamuyeza."

"Ndiye tumiza manambala osonyeza malowo pa mapu lero lomwe. Ndikulembera kuti wakwanitsa."

"Mundidikire pang'ono. Sindinaone mbululu."

"Zulfa, chule ali m'manja mwako."

"Ali m'manja mwanga, madamu, koma sindikudziwa komwe anabadwira. Lachisanu lisanathe ndikuimbirani."

Limeneli linali lamulo lake, ndipo palibe anamupatsa. Chule wamkulu amayenda. Mbululu siziyenda, zimakhala pomwe mazira anaikidwa. Ku Chikala anali atazionera yekha mbululu za kachuleko: zopyapyala, zokhala ndi kamwa yotakata kunsi, zomamatira pamwala pomwe madzi akuthamanga kwambiri, n'kumadya ndere. Sankaika kadontho pomwe sanazione.

Kutacha, Bernadetta anamutengera kumtsinje womwe amayi a m'mudzimo amachapirako. Zulfa anavala majombo, n'kumanga mpango wake mothina, n'kulowa. Mtsinjewo unali wamchenga wokhawokha. Madzi ankayenda mwaulesi m'kanjira kamodzi, ofunda, ofiirira. Anaulondola chokwera mpaka dzuwa linafika pamutu. M'zithaphwi munali mbululu zambirimbiri, zakuda bii, zosambira mounjikana. Anazitunga ndi kasefa n'kuziyang'ana imodziimodzi. Zonse zinali za chule wa pakhonde uja. Mwala woti mbululu yake n'kumamatirapo sanaupeze ngakhale umodzi.

Atabwerera anakhala pamkeka, n'kumwa madzi, n'kufunsa funso lomwe anayenera kuyamba nalo dzulo lake.

"Berna, chuleyu unamutola pati penipeni? Kumtsinje kuja?"

"Iyayi. Kumtsinje ndikatole chule ine? Pompano, kuseri kwa bafa."

"Tiye undionetse."

Kuseri kwa bafa, pomwe madzi osamba amatsikira, panali nthochi zitatu zongobzalidwa kumene. Zinali zofika m'chiuno, masamba ake odulidwa, koma pakati pa iliyonse panali patatuluka tsamba latsopano lopindika. Pansi pake panali poyalidwa ziguduli zonyowa.

"Ndimachotsa chiguduli ichi kuti ndithire phulusa," anatero Bernadetta, "ndiye kanangoti tuu, kundiyang'ana."

Elliam anafika n'kuima pambali pa nthochizo manja ali m'chiuno.

"Mwaziona, alamu? Zagwira zonse zitatu."

"Mwabzala liti?"

"Mwezi womwe uno, kumayambiriro. Pano amati mkamwini sabzala mtengo, poti sadziwa tsiku lomwe adzamupakirire chikwama. Malume ake a Berna akhala akundiseka chibwerereni. Amati, 'Achimwene, inu chimanga chokha basi? Mukuopa kudzasiyira mnzanu mango?' Ndiye mwanayu atabadwa ndinapita kwathu. Kwathu mayi amati mwana wamwamuna akakhazikika kuchikamwini, amupatse ana a nthochi a m'dimba mwawo. Ndipo sagwedeza dothi. Amakumba ndi dothi lake lomwe, zinyalala zake zomwe, n'kukulunga m'chiguduli chonyowa. Amati nthochi yopita kuchilendo ipite ndi kwawo."

Zulfa anagwada n'kuyang'ana dothi la patsinde. Linali lakuda, losakanikirana ndi timiyala ndi masamba owola, losiyana ndi dothi lotuwa la pabwalopo. Anafunyulula chiguduli chachiwiri pang'onopang'ono. Munali nyongolotsi ndi bongololo. Anapita pa nthochi yachitatu n'kulowetsa chala pakati pa makungwa a thunthu, pomwe madzi amasungika. Chinachake chinasuntha. Anachitulutsa mosamala. Kanali kachule kena, kocheperapo, katimadontho tachikasu pamimba.

"Awiri!" anakuwa Bernadetta. "Mwayi wako, mtsikana iwe!"

"Si mwayi, Berna. Achulewa si a kuno. Abwera m'chiguduli."

Onse atatu anayang'ana kachuleko.

"Ndiye kuti nayenso ndi mkamwini," anatero Elliam chapansipansi. Palibe anaseka, ndipo iye anakanda kumutu. "Pepani, alamu. Ndakusokonezerani ntchito."

"Simunasokoneze kanthu. Mwabzala nthochi zanu."

Anaika kachuleko m'ndowa muja, n'kusamba m'manja, n'kukhala pa njerwa. Bernadetta anatsitsa mwana kumsana n'kuyamba kumuyamwitsa, maso ali pa mnzakeyo.

"Tamvera, Zulfa. Chuleyu wamupeza kuti?"

"Ku Utale."

"Wamujambula kuti?"

"Ku Utale."

"Ndiye ukalemba kuti Utale, wanama pati? Madamu ako avomera kale. Ine sindiyankhula, awa samva n'komwe. Ukufuna ukathere chaka ukununkha nsomba chifukwa cha chiguduli?"

"Sindinganame pa malo omwe ndamupeza. Koma kadonthoko sikanena kuti ndinamupeza apa. Kamanena kuti amakhala apa. Wina adzawerenga, adzakwera basi kuchokera kutali, adzayenda mumchenga muja ngati ndayendera ine lero. Wina adzalemba kuti kachuleka kali ponseponse, palibe chifukwa chotetezera kamtsinje ka ku Chikala. Ndipo ikafika Okutobala awiriwa adzakhala atauma kuseri kwa bafa lako."

"Bafa langa siliuma."

"Ngakhale lisaume. Adzaikira kuti mazira? M'beseni?"

Bernadetta anapukusa mutu. "Unali wotero ndi kusukulu komwe. Aphunzitsi akuonjezera malikisi molakwitsa, iwe n'kukawabwezera."

Zulfa sanamve zimenezo. Ankayang'ana dothi lakuda lija. Kenako anatembenukira kwa Elliam.

"Alamu, kwanu ndi kuti?"

"Ku Machinga."

"Ndikudziwa. Koma mbali iti? Ku Chikala?"

Anafunsa mawu ali bwinobwino, koma manja anali atagwira maondo. Elliam akanati ku Chikala, ndiye kuti achulewo achokera m'kamtsinje kake komwe kaja, ndipo ulendo wonse unali wongozungulira.

"Ku Chikala? Iyayi, kumeneko sindinapondeko n'komwe. Kwathu ndi m'tsinde mwa Mongolowe. Mukachoka pa Liwonde kulowera ku Zomba, mumatsika musanafike paboma, n'kukwera wapansi."

"Dimba la mayi lili pati?"

"M'mphepete mwa kamtsinje kotsika m'phirimo."

"Madzi ake ndi otani?"

"Ozizira. Oyera mbee, mumaona pansi. Tili ana tinkatsetsereka pamathanthwe ake mpaka makabudula kubooka."

Zulfa anaimirira n'kukutumula siketi yake. Mongolowe ndi phiri lina, lotalikirana ndi Chikala, ndipo pakati pake pali mapiri ena ndi minda ndi midzi. Pa mapu ake malo amenewo anali oyera.

"Mawa mundiperekeze kwanu."

"Mawa ndi Lachisanu," anatero Bernadetta.

"N'chifukwa chake tinyamuke m'mamawa."

Bernadetta sakanatha kuyenda ndi khanda ulendo wa njinga ndi minibasi ziwiri, choncho anatsala. Anathira madzi pang'ono ndi masamba a nthochi m'kachigubu kobooledwa pachivindikiro, n'kuikamo achule aja, n'kumupatsa mwamuna wake.

"Mukawapatse moni amayi. Ndipo inu, muzikayenda kutsogolo, mnzangayu kumbuyo. Anthu a kwanu ndimawadziwa pakamwa."

Anaolokanso Shire dzuwa lisanatenthe. Atatsika minibasi anayamba kukwera njira ya pakati pa minda ya chimanga ndi nandolo. Mitambo inali itakuta nsonga ya phiri, koma mvula sinkagwa. Mayi ake a Elliam, a Monica, anawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Ataona mwana wawo akubwera ndi mkazi wachilendo wovala mpango, atanyamula chigubu, anaika mpeni pansi. Anapereka mkeka, n'kulonjera mlendoyo mwaulemu wonse, kenako n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Elliam, nthochi zija sizinagwire?"

"Zagwira, mayi. Zonse zitatu."

"Nanga apongozi anga ali kuti? Mwana ali kuti?"

"Ali bwino, akupereka moni. Awa ndi anzawo a kusukulu."

"Anzawo." A Monica anayang'ana Zulfa kuyambira kumajombo mpaka kumpango. "Bambo ako nawonso anabwera ndi mkazi, ati ndi anzawo a kutchalitchi."

"Mayi!"

Zulfa anagwada n'kutsegula chigubu chija patsogolo pawo. "Amayi, ine ndabwera kudzabweza alendo anu awa. Anapita ku Utale m'nthochi zija osatsanzika."

A Monica anasuzumira. Anayang'ana achulewo, n'kuyang'ana Zulfa, n'kuyang'ana mwana wawo, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwakwera galimoto kuchokera ku Balaka kudzatula achule? Elliam, anzake a mkazi wako ndi otere onse?"

"Awa okha, mayi."

"Mumawaonaona achule otere, amayi?" anafunsa Zulfa.

"Ine ndiziyang'ana achule, mwanawe? Ndikaona chodumpha ndimangosuntha phazi. Dimba ndi ilo kumusiko, kafufuzeni nokha. Koma musandipondere mpiru."

Dimbalo linali pomwe kamtsinje kamatulukira m'nkhalango. Nthochi zinali zowirira m'mphepete, ndipo maenje atatu omwe anakumbamo ana a nthochi aja ankaonekabe. Pamenepo madzi anali odekha, pansi pali matope. Zulfa sanataye nthawi. Anauza Elliam kuti adikire ndi chigubu pamthunzi, iye n'kulowa m'madzi n'kuyamba kukwera.

Madzi anali atachepa. Pamiyala panali mzere wouma wosonyeza pomwe ankafika mwezi wathawo. Anadutsa pomwe amayi amachapira, pomwe miyala inali yoyera ndi sopo, ndipo pamenepo sanayang'ane n'komwe. Pamwamba pake mitengo inakumana, kunja kunazizira, ndipo phokoso la madzi linakula. Anafika pa thanthwe lopendekeka pomwe madzi ankatsetsereka mopyapyala ngati nsalu. Anagwada m'madzimo n'kuyang'ana chapafupi. Panali ndere zokha. Anakwera lachiwiri. Panalibenso.

Anakhala pamwala n'kupuma. Ankadziwa kuti nyengo yatha, kuti mwina mbululu zonse zamera kale miyendo n'kutuluka. Zikanakhala choncho akanaimbira Dokotala Joanna n'kuwauza zoona, ndipo Lolemba akanapita kumadamu. Anamwa madzi, n'kumangitsa mpango, n'kupitiriza.

Thanthwe lachitatu linali pansi pa mkuyu waukulu, pomwe dzuwa silifika. Madzi ankagwera pamwala wakuda n'kugawikana pawiri. Zulfa anatchinga madziwo ndi dzanja lamanzere kuti thovu lichoke. Pamwalapo panali tinthu topyapyala, tofanana ndi njere za maungu zakuda, tonse titaloza mitu komwe madzi akuchokera. Anakhudza kamodzi ndi chala. Kanasuntha chammbali osasiya mwalawo.

Anakatola ndi kasefa, n'kukaika m'kabotolo, n'kukayang'ana kunsi ndi galasi lake. Kamwa yotakata ija inali pomwepo, itamamatira kukhoma la botolo. Tina pamwalapo tinali titamera kale miyendo yakumbuyo.

"Alhamdulillah," anatero chapansipansi.

Anajambula mwalawo, mbululuzo, mkuyuwo ndi madziwo. Anatenga manambala a malowo pa foni n'kuwatenganso kachiwiri kuti atsimikize. Kenako anabwezera kambululuko pomwe anakatola n'kuitana Elliam.

Elliam anafika akupuma mwawefuwefu, nsapato zili m'manja. Anawerama n'kuyang'ana pomwe Zulfa ankaloza.

"Timeneti? Tinkatikanda ndi zikhadabo tili ana. Ndinkayesa ndi misundu."

"Ndi ana a alendo anu aja. Tsegulani chigubu."

Anawatulutsa pa mwala wonyowa m'mphepete. Wamkuluyo anakhala kanthawi, kenako anayenda ndi miyendo yake yowonda ija n'kulowa pansi pa muzu. Wamng'onoyo anamutsatira.

"Ukamwini watha," anatero Elliam. "Wanga wokha ndiye ukupitirira."

Netiweki inagwira atatsika kufika pa dimba. Dokotala Joanna anayankha msanga.

"Ndimadikira manambala a ku Utale."

"Ku Utale kulibe, madamu. Achule aja anapitako m'dothi la nthochi. Ndikutumizirani a ku Mongolowe. Kuli mbululu."

"Ndiye kuti sitinaoloke Shire."

"Sitinaoloke."

"Ndinali nditauza kale anzanga awiri."

"Pepani, madamu."

"Usapepese, ndinafulumira ndine. Mongolowe ndi Chikala, ndiye kuti mapiri a pakatiwo ayenera kuyendedwanso. Mvula ikubwerayi uli ndi ntchito. Tumiza zithunzizo, za nsomba uiwale."

A Monica anali atawaphikira chinangwa ndi tiyi. Zulfa anatulutsa mapu ake m'chikwama n'kuwayala pamkeka, n'kutsamiritsa ngodya zake ndi makapu. Anapeza Mongolowe ndi chala n'kuika kadontho kakuda, kofanana ndi ka ku Chikala. Kenako anapita tsidya lina la mzere wabuluu wa Shire, pa Utale, n'kujambula kabwalo kopanda kanthu mkati. Pambali pake analemba kuti: awiri, anatengedwa ndi anthu m'ana a nthochi, abwezedwa.

A Monica ankayang'ana akutafuna chinangwa.

"Amayi," anatero Zulfa, "ana anu aamuna ndi angati omwe munawapatsa nthochi?"

"Onse. Japhet ali ku Ulongwe, zake zinabereka kalekale. Lloyd anakwatira ku Ntaja, ndinamupatsa chaka chatha."

"Ku Ntaja mbali iti?"

"Kuseri kwa msika, akuti pafupi ndi mzikiti waukulu."

Kumeneko kunali kufupi ndi golosale ya bambo ake. Zulfa anatenga pensulo n'kulemba mayina awiriwo m'mphepete mwa mapu, kuti wina akadzamutumizira chithunzi kuchokera kumeneko adzayambe wafunsa za nthochi.